Bafa Latsopano la ku Orren

Brattmon, 12 Juni 1996

Wokondedwa Halvar,

Akuluakulu oyang'anira paki alengeza kuti kuyambira chilimwe chino munthu aliyense wogona m'tenti ku nyanja ya Orren, kaya ndi mwana, nkhalamba kapena woyenda pa njinga ya olumala, azisamba madzi otentha m'bafa latsopano limene lamangidwa kumeneko, ndipo madzi osambawo azipita m'thanki osafika m'nyanja ngakhale dontho. Zinalembedwa m'nyuzipepala ya Lachinayi, pamodzi ndi chithunzi cha bambo wina wa tayi akudula riboni.

Ndayamba ndi zimenezi ndisanakupatse moni chifukwa ndizo zandigonjetsa. Moni tsopano, mlongo wanga. Uli bwanji pa sitima yako yokumba matope? Kuno tili bwino. Chipale chofewa chinasungunuka mochedwa, koma udzudzu wafika pa nthawi yake.

Bambo apitanso ku Orren. Unandiuza pa Khirisimasi kuti ndiwaletse, ndipo ndinayesa. Ndinawakumbutsa zaka zawo, bondo lawo, ndi mawu a dokotala akuti mtima wawo sufunanso madzi ozizira. Ukudziwa kasambidwe ka kumene kuja: kutunga m'nyanja, kukwera ndi ndowa thanthwe lonse lija mpaka pa mitengo ya paini, n'kukasambira padothi kuti sopo amwedwe ndi nthaka. Mayi ali moyo ankagwirizana ndowayo, wina uku wina uku. Chaka chatha ndinkawanyamulira ine Loweruka lililonse. Chaka chino kusitolo ya mankhwala tatsala awiri, ndiye Loweruka ndilibe.

Anandimvetsera mpaka ndinatha, kenaka anasolola nyuzipepala m'jekete, atapinda kale pamalo pake.

“Werengani, abwana,” anatero. Masiku ano ndine abwana.

“Ndawerenga. Mudzasambamo?”

“Bafa lomangidwa ndi msonkho wanga? Ndidzagonamo kumene.”

Tapangana motere. Akhala ku Orren mpaka zipatso zofiira zitapsa, monga mwa chaka chilichonse, malinga azisamba m'bafamo ndipo ndowa aiwale. Ndikangomva kuti akukwera thanthwe ndi madzi, kapena kuti sakudzisamala, ndikawatenga, ndipo malo amene a khonsolo akhala akuwanena ku nyumba ya okalamba ndiwavomera. Anandigwira chanza ngati tikugulitsana galimoto.

Ndinakawatula Lamulungu. Tenti tinakhoma pamalo pomwe paja, pafupi ndi mwala umene Mayi ankayanikapo makapu. Bafalo ndinaliona ndili m'njira: lofiira, mawindo oyera, ndi potsetsereka pokwerera njinga za olumala. Ndowa ndinabwera nayo kunyumba.

Ukatha utumize kangachepe. Tenti ndinagula yatsopano, yakale ija inkadontha ngati sefa.

Ndine mlongo wako,
Gunvor

Orren, 29 Juni 1996

Mwana wanga Halvar,

Ndikukupatsa moni ndili pathanthwe, pepala ndatsamiritsa pa chivundikiro cha poto. Kalatayi ndipatsira Mattis, mlonda wa paki, akadutsa ndi bwato lake. Uli bwanji? Adatchi akukudyetsa, kapena ndi tchizi chokhachokha?

Nyanja ili monga unaisiyira. Ukaponya sipuni pakuya ukhoza kuiona pansi. Ndimamwa ndi kapu ya amayi ako, osaphitsa, monga tinkachitira. Usiku wa pakati pa chilimwe ndinadya nsomba zamchere ndi mbatatesi zatsopano, ndinathira kachakumwa makapu awiri, ndinamwa onse ndekha. Amayi ako sakanadandaula, sankakakonda.

Dzana ndinapeza bambo wina wa ku Stockholm akutsukira poto m'nyanja, thovu lili mbuu. Ndinamufunsa ngati kwawo amasamba m'chitsime. Anati sopo wake ndi wosaononga, zalembedwa pa botolo. Ndinamuuza kuti nsomba za kuno sizinapite kusukulu. Kenaka ndinamuonetsa: utunge, ukwere mpaka pamene pali dothi, ufukule ndere, usefe zakudya zotsala, uthire pang'onopang'ono, ubwezere ndere. Pathanthwe sathira kanthu, chifukwa thanthwe silimwa, limangopereka kunyanja. Anakwera akung'ung'udza, koma anakwera.

Bafa latsopano ndi lokongola. Ndimaliyang'ana m'mawa uliwonse pomwa khofi. Koma ine ndinakula ndikusamba pansi pa mtengo, ndipo ndikakumbuka mmene amayi ako ankandithirira madzi kumsana akutukwana udzudzu, ndimaona kuti panalibe chosowa.

Bondo likudandaula. Linayamba kudandaula iwe usanakwatire, ndiye ndinasiya kulimvera.

Mlongo wako ndi munthu wabwino, anangobadwa ndi mtima wa wapolisi. Ukamulembera umuuze kuti ndili bwino. Usawonjezere.

Bambo wako,
Sixten

Rotterdam, 7 Julayi 1996

Gunvor,

Moni. Kalata yako ndi ya bambo ndazipeza pamodzi titakocheza. Ndili bwino, kungoti tulo n'tochepa. Ndalama ndatumiza kudzera ku banki, usandinenenso kwa anzako a kusitolo.

Bambo akumveka osangalala, koma ndikuwadziwa: m'bafa lija sakulowamo. Akuti ndi lokongola. Mdala uja akati chinthu n'chokongola ndiye kuti sachifuna. Ananenanso choncho za mkazi wanga woyamba.

Ndiye ndawagulira chinthu chimene anthu a kuno amatenga popita kukagona kutchire. Ndi thumba lakuda la pulasitiki lokhala ndi kapaipi ndi kamutu ka shawa. Umalidzaza, n'kuliyanika padzuwa, madzi n'kutentha, kenaka n'kulikoleka pa nthambi. Asambe pansi pa mtengo wawo ndi madzi otentha, dokotala asadandaule, iwenso upume. Ukawapatse ukamapita.

Usawathine kwambiri. Iwe umawaona pafupipafupi, ndiye umangoona zimene zikuchepa. Ine ndikawerenga kalata yawo ndikumva munthu wa mutu wake wonse.

Ndiyesetsa kubwera mu Ogasiti. Undilembere nkhani.

Halvar

Brattmon, 22 Julayi 1996

Halvar,

Moni. Ndalama zafika, zikomo. Thumba lafikanso. Ndinalidzaza kukhitchini kuti ndione, ndipo likadzaza limalemera ngati mwana woyamba sukulu. Amene analipanga analibe bondo. Komabe ndinapita nalo dzulo, chifukwa ndi mphatso yako.

Ndinawapeza pa mpando wawo wopinda akusenda mbatatesi. Pamalo ponse paukhondo: poto wotsuka, makapu pamwala, zinyalala m'thumba lomanga. Koma eni ake. Halvar, fungo linandifika ndisanawapatse moni. Silinali la utsi kapena la nsomba. Ndi lija timalimva kusitolo nkhalamba imene yayamba kuiwala ikaima pakauntala. Kolala yakuda, tsitsi lomatana, litsiro m'khosi. Sopo amene ndinawagulira mu Juni adakali m'pepala lake.

“Munasamba liti, bambo?”

“Moni kaye, abwana. Kapena kupolisi sapereka moni?”

“Moni. Munasamba liti?”

“Nkhope ndi manja tsiku lililonse, ndi ketulo, kumtunda uko. Zotsalazo sindizigwiritsa ntchito kwenikweni.”

“Bafa lili apo.”

“Ndikuliona. Maso ndidakali nawo.”

“Tiyeni pompano. Ndikudikirani panja.”

“Mwana amene ndinkamusambitsa m'beseni lotsukira mbale, lero andiperekeze kukasamba? Khala pansi, udye mbatatesi.”

Ndinakhala. Ndinafunsa ngati chitseko n'cholimba, ngati madzi akutentha kwambiri, ngati akuchita manyazi ndi alendo. Anandiyankha za mbalame imene yaikira mazira pachilumba. Nditaumirira anati analowamo Lachiwiri. Pambuyo pake anati Lachinayi. Munthu wa mutu wake wonse uja ndi ameneyo.

Thumba lako analitembenuza uku ndi uku, anayesa kapaipi pakamwa. “Ndiye Halvar akundiyesa kavalo,” anatero. Ndinawauza kuti alisunge ngati chokumbukira mwana wawo, asalinyamule, ndipo ndikanachita bwino kubwerera nalo kunyumba. Analiika pansi pa pilo.

Ku khonsolo kuli mayi wina, Mayi Wikander, amene ntchito yake ndi kuyendera okalamba n'kuona ngati angathe kukhala okha. Dera lija amaliyendera Lachiwiri loyamba la mwezi. Ndinawauza bambo kuti pa 6 Ogasiti ndibwera nawo mayiwo. Akawapeza monga ndinawapezera, sikudzakhala kubwerera kunyumba kwawo ku Brattmon, koma ku nyumba ya okalamba.

Anasiya kusenda.

“Akandipeza woyera?”

“Mukhala mpaka zipatso zipse.”

“Ndipo chaka chamawa?”

“Chaka chamawa tidzakambirana.”

“Chabwino. Adzandipeza woyera ngati mkwati.”

Pobwerera ndinadutsa pafupi ndi bafa. Ndi mtunda woti munthu angayende khofi asanazizire m'kapu, ndipo njira yake ndi yosalala. Basi inali pafupi kunyamuka, sindinaime.

Undiyankhe msanga. Sindifuna kuti udzanene kuti ndinachita ndekha.

Gunvor

Bremerhaven, 1 Ogasiti 1996

Gunvor, moni. Atisamutsira kuno mwadzidzidzi, makalata onse akutsalira ku Rotterdam. Sindinamve kanthu, ndiye ndikuti zonse zili bwino. Tchuthi cha Ogasiti chalephereka, mnzanga wathyoka dzanja. Thumba analikonda? Uwauze alikoleke pamwamba ndithu, likakhala m'munsi madzi amangodontha. Uwapatse moni. H.

Östersund, 9 Ogasiti 1996

Halvar,

Moni. Khadi lako ndalipeza lero nditapita kunyumba kukatenga zovala. Ndinaimba ku ofesi yanu katatu, akuti uli panyanja ndipo akuuza. Ngati sanakuuze: bambo ali m'chipatala kuno. Athyoka fupa la m'chiuno. Opaleshoni inachitika Lachiwiri, ali moyo, akulankhula.

Zinachitika Lolemba, tsiku loti mawa lake tibwera ndi Mayi Wikander. Zimene ndikulembazi ndazitola kwa iwo eni pang'ono, ndi kwa amene anawapeza. M'mawa anadzaza thumba lija ndi ketulo, analiyanika pathanthwe. Masana analimanga chingwe cha tenti n'kuyamba kulikoka, akupuma, akukoka. Anafika nalo pa mitengo ya paini. Anavula, anakonza thaulo ndi shati yoyera pa chitsa. Nthambi inali pamwamba, ndiye anakwera pamwala atanyamula thumba pachifuwa. Bondo linakana.

Anagona pamenepo mpaka dzuwa litapendeka. Anawapeza amayi awiri othyola zipatso, amene anawafunditsa majekete awo, wina n'kuthamangira kukaitana Mattis. Amene anatsala nawo anabwera dzulo kudzawaona, ndipo anandiuza kuti choyamba kupempha sichinali madzi akumwa. Sopo anali atagubudukira kuthanthwe, ndipo mitambo inali ikubwera. Anamuuza kuti akamutole mvula isanamutengere kunyanja. Mayiyo anakana kuwasiya. Iwo anati ndiye akwawa okha. Mayiyo anapita kukatola.

Atatsitsimuka Lachitatu ndinali pambali pawo.

“Mayi uja anabwera?”

“Anabwera kuno.”

“Anandipeza woyera?”

“Manesi anali atakusambitsani.”

“Ndiye ndapambana.”

Mayi Wikander anali atalemba kale zolemba zawo, ndipo dokotala anavomereza. Akatuluka muno akupita ku nyumba ya okalamba. Kuyenda adzayenda, ndi chogwirira cha matayala, pamalo osalala.

Ndinawafunsa kamodzi kokha chifukwa chimene sanapitire kubafa. Anatseka maso. Ukudziwa amatero akafuna kuti nkhani ithe.

Za thumba sindikukuimba mlandu. Ndanena kamodzi, usandifunse. Ndine ndinalipereka m'manja mwawo, ndipo ndine ndinatchula tsiku. Koma sindikumvetsa. Bafa linali pafupi kuposa mitengo ija. Ndaganiza mpaka mutu kupweteka, sindikupeza china koma liuma, kapena kuti mutu wayambadi kuchoka. Sindikudziwa chimene ndingakonde mwa ziwirizi.

Ukamva, imba foni kunyumba. Ngati ungabwere, bwera.

Gunvor

Nyumba ya okalamba, Brattmon, 15 Sepitembala 1996

Mwana wanga Halvar,

Moni. Maluwa ako anafika, manesi anasangalala nawo. Uli bwanji? Ndamva kuti udzabwera pa Khirisimasi. Ndidzakhala pompano, sindikuyendayenda masiku ano.

Kuno n'kwabwino. Chakudya n'chofewa. Zenera langa likuyang'ana poimika magalimoto, ndiye ndadziwa amene amaimika mokhota. Kusamba ndi Lachinayi. Amandikhazika pa mpando wa pulasitiki wa mabowo, wina agwira shawa, wina sopo. Madzi ndi ambiri, otentha, sanyamulidwa. Ndinafunsa nesi kuti madziwo amapita kuti. Anati pansi. Ndinati pansi kuti. Anati, “A Sixten, kwezani dzanja.” Ndinakweza.

Gunvor akuti sukugona chifukwa cha thumba lija. Gona. Linali labwino, madzi anatenthadi, ndinawakhudza. Chimene chinalakwa ndi bondo, ndipo bondo sunandigulire iwe.

Usakangane ndi mlongo wako. Tinagwirana chanza, ine ndi amene ndinaluza.

Zipatso zapsa tsopano, ndikuzidziwa ndi kazizidwe ka m'mawa. Tenti idakali kumene kuja. Gunvor akachotse chipale chisanagwe, ndipo awerenge zikhomo, asasiye ngakhale chimodzi m'nthaka. Ndikamuuza ine ayesa ndikufuna kupita nawo. Umuuze ndiwe.

Bambo wako,
Sixten

Brattmon, 30 Sepitembala 1996

Halvar,

Moni. Kalata yako ndinalandira, ndi ndalama za mankhwala awo. Bambo ali chimodzimodzi. Akudya pang'ono, aonda, akuyenda mpaka kumapeto kwa khonde n'kubwerera. Dokotala anawayeza mutu sabata yatha. Anawafunsa tsiku, mwezi, dzina la mfumu, n'kuwauza kuti awerenge chobwerera m'mbuyo. Anakhoza zonse, n'kumukonza dokotalayo pa tsiku. Nyumba yawo a khonsolo akufuna kuti tichotsemo katundu pofika Disembala. Uganize zimene ukufuna. Ine ndatenga makapu a Mayi okha.

Dzulo ndinapita ku Orren kukachotsa tenti, monga unandiuzira, monga anakuuzira. Kunalibe munthu. Masamba asanduka achikasu, udzudzu watha. Mattis anali atatseka zipi ndi kuikapo miyala kuti mphepo isatenge. M'kati zonse zinali pamalo pake. Shati yoyera ija anaipinda n'kuiika pa pilo, sopo pamwamba pake.

Ndinakwera thanthwe. Ine wa miyendo yabwino ndinapuma kawiri. Pamwamba paja, m'mphepete mwa mitengo, ndinapeza malo ambiri pamene ndere zinafukulidwa n'kubwezeredwa, mzere wowongoka, pena pakale pena patsopano. Ndi pamene ankathira madzi otsukira mbale. Tsiku lililonse ankakwera ndi ketulo, chilimwe chonse, ndi bondo lija. Pa panganolo tinatchula ndowa. Ketulo sitinaitchule.

Zikhomo ndinazula zonse. Manja anadetsedwa ndi mwaye ndi utomoni, ndipo ndinadzipeza nditagwada pamphepete pa nyanja ndi sopo wa bambo m'dzanja. Ndinadzuka. Ndinati bafa lilipo.

Chitseko n'chosakhoma, chimatseguka ndi chala chimodzi. M'kati muli matailosi oyera, kalirole, mbedza zokolekapo zovala, benchi, ndi chitsulo chogwirira okalamba, chokhomedwa pamsinkhu woyenera. Munkanunkhira matabwa atsopano. Ndinatsegula mpope wa madzi otentha. Ndinatsegula wa ozizira. Ndinayesa shawa zonse ziwiri.

Potuluka ndinapeza Mattis akukocheza bwato, atabwera kudzandithandiza katundu. Ndinamufunsa ngati atseka madzi chifukwa cha kuzizira.

“Kutseka?” anatero. “Ndimayesa mukudziwa.”

“Ndikudziwa chiyani?”

Anavula chipewa, anakanda mutu, anavalanso. Anati ndalama zinathera pa denga, pampu anaiitanitsa koma sinabwere, tsopano akuti mwina chaka chamawa. Anati iye analemba kawiri kuti pakhomo pakhale chidziwitso, koma akuluakulu anati chithunzi chinatuluka kale.

“Bambo ankadziwa?”

“Tsiku lomwe munawatula. Inu mutangochoka anapita ndi thaulo paphewa. Anabwerera ali ndi thaulo paphewa.”

“Ndiye inu osandiuza?”

“Anandipempha. Anati mukadzafunsa ndidzanene zoona, koma ndisayambe ine.” Anayang'ana bwato lake. “Simunafunse, mayi.”

Manja ndinakasamba kumtunda, pa ndere, ndi madzi a m'ketulo.

Lachinayi ndikupita kukawaona akamaliza kusamba. Sindikudziwa ngati ndiwauze kuti ndinalowamo. Undilembere maganizo ako, ngakhale ndikudziwa kuti adzafika Lachinayi litadutsa.

Ndisananyamuke ndinazungulira kuseri kwa bafa. Mapaipi ali m'udzu, omangidwa m'mitolo monga anabwerera kusitolo, ndipo thanki ili chagada pambali pa dzenje lake. M'bafa lija simunalowepo madzi chilimangireni.

Gunvor